Akamapukwa Gorbals ndi Govan, masapota a ku Glasgow akunena zoona

Ukakhala pansi ndi bambo wachikulire wosapota Celtic kapena Rangers, matimu akuluakulu a mumzinda wa Glasgow ku Scotland, n'kuwafunsa za mpira wakale, nkhani ya zigoli sikhalitsa. Posachedwa amayamba kukuuza za msewu umene anabadwira ku Gorbals, ku Bridgeton kapena ku Govan, madera akale a mumzindawo, khomo limene ankalowera, mayi apansanja yachiwiri amene ankakalipira ana onse ngati awo, ndi mmene Loweruka masana msewu wonse unkanyamukira wapansi kupita kubwalo. Pomaliza amangoti, "Zonsezo anagumula." Ophunzira ambiri amamva zimenezi ngati matenda a ukalamba. Amati nkhalambazi zaiwala nsikidzi, chifuwa chachikulu ndi chimbudzi chimodzi cha mabanja angapo, ndipo zikukometsa umphawi chifukwa choti nthawi imeneyo mawondo anali olimba. Ine sindigwirizana nawo. Masapotawa akudandaula chinthu chenicheni chimene anachitiridwa, ndipo mbiri ya mzinda wa Glasgow ikuwaikira umboni.

Amene sanazione nyumbazi angaganize kuti tikunena za mafulatsi a anthu opeza bwino. Ayi. Ndi midadada yamiyala, yosanja katatu kapena kanayi, yogundizana msewu wonse, imene inamangidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1800 pamene mafakitale a zitsulo, a nsalu ndi okhoma sitima zapamadzi ankakoka anthu kuchokera ku Ireland ndi kumapiri a kumpoto kwa Scotland. Eniake amazitcha tenement. Khomo lolowera limakhala limodzi la mabanja onse, masitepe amodzi, ndi kabwalo kuseri koyanikira zovala ndi kutayira zinyalala. Banja losauka linkachita lendi chipinda chimodzi basi: pomwepo pophikira, pomwepo podyera, bedi lolowa m'khoma, ana ena kugona pa kabedi kokoka kuchokera kunsi kwa bedi la makolo. Ife Amalawi tili ndi poonera. David Livingstone anabadwa mu 1813 m'chipinda chimodzi chotere mu mdadada wa Shuttle Row ku Blantyre wa ku Scotland, pafupi ndi Glasgow, momwe munkakhala mabanja 24 ogwira ntchito pafakitale ya thonje. Chipindacho chilipo mpaka lero monga malo osungirako mbiri, ndipo ukaimamo umadzifunsa kuti makolo ndi ana awo onse ankatembenuka bwanji usiku.

Otsutsa aja sakunama pa za mavuto. M'zaka za m'ma 1930 mu Glasgow munali anthu oposa miliyoni imodzi, othithikana kuposa mizinda yambiri ya ku Ulaya. Utsi wamalasha unadetsa makoma mpaka bii. Chifuwa chachikulu chinafala moti mu 1957 mzindawu unajambula m'chifuwa anthu oposa 700,000 m'masabata asanu okha pofunafuna odwala. Ndipo tiyenera kukumbukira kuti amene amasimba za kukoma kwa Loweruka nthawi zambiri ndi abambo. Amayi ndiwo ankakwera masitepe atanyamula mwana ndi zochapa, kudikira tsiku lawo lochapira, kukolopa masitepe mosinthana, ndi kudikira usiku wa malipiro osadziwa ngati ndalama ifika pakhomo kapena ithera kumowa. Palibe mayi amene analira atalandira makiyi a nyumba yokhala ndi bafa lakelake ndi madzi otentha. Zonsezi ndikuzivomera. Koma kuvomera kuti nyumba zinali zoipa sikutanthauza kuti mmene anazichotsera munali bwino, ndipo nkhani ya masapota yagona pamenepo.

Mpira wa ku Glasgow unabadwira m'midadada imeneyi. Celtic inakhazikitsidwa mu November 1887 muholo ya tchalitchi cha St Mary's ku Calton, ndipo Brother Walfrid anaiyambitsa kuti ipeze ndalama zodyetsera ana osauka a kummawa kwa mzindawu, ambiri mwa iwo ana a anthu ochokera ku Ireland. Rangers, imene inayamba mu 1872, inakakhazikika ku Ibrox, pafupi ndi Govan ndi malo okhomera sitima m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Partick Thistle inapeza kwawo ku Firhill, pakati pa midadada ya Maryhill, mu 1909. Third Lanark inali ku Cathkin Park kummwera, timu ya Clyde ku Shawfield kutsidya la mtsinje kuchokera ku Bridgeton. Munthu ankaweruka Loweruka masana, kusamba kumaso, n'kuyenda wapansi kapena kukwera thiramu (kasitima koyenda mumsewu) kukafika kubwalo limodzi ndi anthu omwewo amene amagwira nawo ntchito ndi kupemphera nawo. Mwana wopanda ndalama ankangoima pageti n'kupempha bambo aliyense kuti amunyamule kumudumphitsa chitsulo cholowera, ndipo zinkatheka popanda wofunsa. Ndi mmene zinakhalira kuti mu 1937 anthu oposa 149,000 anadzaza bwalo la Hampden pa masewero a Scotland ndi England.

Osewera nawonso ankachokera pamasitepe omwewo. Alex Ferguson anabadwa mu 1941 ku Govan, anakulira mu mdadada wa pa Govan Road, bambo ake ankagwira ntchito kokhoma sitima kwa Fairfield, ndipo atalemera ku England nyumba yake anaitcha Fairfields. Paddy Crerand wa Manchester United ndi mwana wa ku Gorbals. Bertie Auld ndi wa ku Maryhill. Pamene Celtic inagonjetsa Inter Milan 2-1 ku Lisbon pa 25 May 1967, n'kukhala timu yoyamba ya ku Britain kutenga chikho chachikulu cha ku Ulaya, osewera onse 11 anali obadwira mkati mwa mamailosi 30 kuchokera ku Celtic Park. Sapota akamatchula zimenezi sakungodzitama. Akukumbukira nthawi imene mnyamata wa pabwalo ankadziwika kuti ndi mwana wa uje wa msewu wakuti.

Nkhondo yachiwiri itatha, akuluakulu a mzinda anaganiza zoyambiranso. Lipoti la injiniya wamkulu wa khonsolo, Robert Bruce, la mu 1945, linafika ponena kuti pakati pa mzinda pagwetsedwe n'kumanganso. Mapulani ena a mu 1946, otsogoleredwa ndi Patrick Abercrombie, anati anthu zikwi mazanamazana asamutsidwe kupita kunja kwa mzinda. Zimene zinachitika zinatenga mbali zonse ziwiri. Madera 29 anasankhidwa kuti agumulidwe ndi kumangidwanso, kuyambira ndi Hutchesontown ku Gorbals mu 1957. Kumalire a mzinda kunamangidwa malokeshoni akuluakulu anayi: Castlemilk, Drumchapel, Easterhouse ndi Pollok. Ena anawatumiza kumatauni atsopano monga East Kilbride ndi Cumbernauld. Mathiramu anasiya kuyenda mu 1962. Msewu waukulu wa M8 unang'amba Townhead, Charing Cross ndi Anderston, ndipo mlatho wa Kingston unatsegulidwa mu 1970 pamwamba pa malo amene kale panali makomo a anthu. Lero mu Glasgow mwatsala anthu oposa pang'ono 600,000.

Anthu amene anakonza mapulaniwa sanali ankhanza. Ambiri anali andale a chipani cha Labour obadwira m'zipinda zomwezo, ndipo ankafunitsitsa kuti mwana wa munthu wamba asakule akutsokomola magazi. Cholakwa chawo chinali kuwerenga zipinda, mabafa ndi mazenera, n'kuiwala kuwerenga anthu amene munthu amadalira. Makiyi ankaperekedwa motsata mndandanda wa khonsolo, osati motsata amene ankakhala limodzi. Agogo ku Castlemilk, mwana wawo wamkazi ku Easterhouse, mchimwene wawo ku Cumbernauld, pakati pawo mabasi awiri kapena atatu. Mayi amene ankasiya mwana kwa mnansi wa khomo loyang'anana nalo anapezeka ali pansanja ya nambala 18 pakati pa anthu osawadziwa, chikepe chitafa, mwana akulira. M'malokeshoni atsopanowo zaka zoyamba munalibe masitolo okwanira, sukulu zinachedwa, ntchito zinali kutali, ndipo lamulo lakale la khonsolo linkaletsa malo omwera pa malo ake, moti abambo analibe ngakhale pokumana. Ambiri ankakwera basi kubwerera kumadera awo akale kukagula nyama kwa wogulitsa amene ankamudziwa, mpaka tsiku limene anapeza kuti nayenso amugumulira.

Chopweteka kwambiri n'chakuti nyumba zambiri zatsopanozo sizinalimbe. Midadada ya Queen Elizabeth Square ku Gorbals, yojambulidwa ndi katswiri wotchuka Basil Spence, inatha kumangidwa mu 1965 ndipo inaphulitsidwa mu 1993. Ya Hutchesontown E inalowa chinyezi kuyambira pachiyambi, makoma kuda, zovala kuwola m'makabati, okhalamo mpaka kunyanyala kulipira lendi, ndipo mu 1987 inagwetsedwa isanakwanitse zaka 20. Pali anthu ku Gorbals amene anasamutsidwa kawiri pa moyo wawo, konseko akuuzidwa kuti n'chitukuko.

Wina anganene kuti zonsezi ndi nkhani za mumtima chabe. Koma madokotala anaziwerengera. Akatswiri a zaumoyo anapeza kuti ngakhale Glasgow, Liverpool ndi Manchester ndi mizinda yofanana pa umphawi, imfa za anthu osafika zaka 65 ku Glasgow zinali zochuluka ndi pafupifupi 30 peresenti. Mu 2016 bungwe la Glasgow Centre for Population Health linatulutsa kafukufuku wofotokoza chifukwa chake, ndipo mwa zifukwa zikuluzikulu linatchula kugumula kwa nthawi imeneyo, malokeshoni osamangidwa bwino a kumalire, ndi ndondomeko ya boma yosankha mabanja achinyamata aluso n'kuwapititsa kumatauni atsopano, kusiya okalamba, odwala ndi osowa ntchito mumzinda. Zimene nkhalamba ya sikafu yobiriwira ya Celtic kapena yabuluu ya Rangers yakhala ikunena pabasi kwa zaka 50 n'zomwezo zimene kafukufuku anadzapeza.

Tsono n'chifukwa chiyani kupukwa kumeneku kumatulukira pa mpira? Chifukwa pa zonse zimene zinali m'maderawo, bwalo ndilo linatsala. Malo ambiri okhomera sitima anatsekedwa, ngakhale antchito a Upper Clyde Shipbuilders motsogozedwa ndi Jimmy Reid ndi anzake anakana kutuluka mu 1971 n'kupulumutsa ena mwa iwo. Pamene panali fakitale yaikulu ya zitsulo ya Parkhead Forge lero pali masitolo. Matchalitchi ambiri, sukulu, nyumba zoonetsera kanema ndi maholo ovinira zinapita limodzi ndi misewu yake. Koma Celtic Park idakali ku Parkhead ndipo Ibrox idakali pomwe inali. Tsiku la masewero mabasi a masapota amanyamuka ku East Kilbride, ku Cumbernauld, ku Drumchapel, ena kuwoloka nyanja kuchokera ku Ireland, onse kulunjika kudera limene agogo awo anachokako. Bambo amaimika galimoto kutali dala kuti adutse ndi mdzukulu pamalo ena, n'kuloza udzu kapena poimika magalimoto: "Apa mpamene ndinabadwira." Kwa mabanja ambiri ulendo umenewu ndiwo wokhawo umene watsala wowabweretsa pamodzi pa nthaka ya makolo. Uli ngati ulendo wokalambula kumanda, kumene abale obalalika amakumanako n'kukumbutsana kuti ndi amodzi.

Matimu ang'onoang'ono sanapirire. Third Lanark, imene inatenga ligi mu 1904 ndipo mu 1961 inathera pa nambala 3 itagoletsa zigoli 100, inatha mu 1967, chaka chomwecho chimene Celtic inkavina ku Lisbon. Chinaipha kwenikweni ndi utsogoleri woipa ndi kusokoneza chuma, koma timu yokhala ndi anthu ambiri oizungulira siifa msanga chonchi, ndipo misewu yoyandikira Gorbals nthawi imeneyo inali ikukhuthulidwa. Cathkin Park ilipo, ndipo aliyense angalowe ulere. Pakati pali bwalo la udzu pomwe anyamata amasewerabe, koma m'mbali zitatu masitepe akonkire oimapo oonerera adakalipo, mitengo ikuluikulu itamera pakati pake, mizu itang'amba simenti, zitsulo zotsamira zidakali chiimire. Pali anthu amene amabwera ndi zida zawo kudzapala ndere ndi kupenta zitsulozo utoto wofiira wa timu imene inafa ambiri a iwo asanabadwe. Ine ndimawalemekeza anthu amenewa.

Timu ya Clyde inayesa njira ina. Inatenga chikho cha Scottish Cup mu 1939, 1955 ndi 1958 pamene Bridgeton, Dalmarnock ndi Oatlands munali modzaza anthu. Anthuwo atachotsedwa, oonerera anachepa, ndipo mu 1986 timuyi inatuluka mu Shawfield. Mu 1994 inakakhazikika ku Broadwood ku Cumbernauld, kutsatira anthu amene anasamutsidwira kumeneko. Sizinayende monga ankayembekezera, chifukwa ana a osamukawo anali atazolowera kale kukwera basi kupita ku Parkhead kapena ku Ibrox. Mu 2022 inayamba kubwereka bwalo ku Hamilton. Munthu ungamupatse makiyi a nyumba ina, koma chimene chinkamanga timu ndi msewu wake sichikwera nawo lole ya katundu.

Amene amati panalibe kuchitira mwina ayenera kuyankha za Govan. Usiku wa pakati pa January 1968 chimphepo chinawomba chigawo chapakati cha Scotland, kupha anthu pafupifupi 20 ndi kusasula madenga a midadada zikwizikwi ku Glasgow. Pokonza madengawo anthu anazindikira kuti makoma ambiri anali olimba ndithu, chimene chinkasowa ndi chisamaliro. Ku Govan, akatswiri achinyamata a zomangamanga anagwirizana ndi anthu okhala m'midadada ya pa Taransay Street n'kuonetsa kuti bafa ndi chimbudzi zingathe kulowetsedwa m'nyumba yakale anthu osachotsedwa m'dera lawo. Mu 1971 kumeneko kunabadwa bungwe la nyumba loyendetsedwa ndi okhalamo eni, ndipo njira imeneyi inafalikira mzinda wonse. Makoma akuda aja atatsukidwa anatuluka miyala yofiira ndi yachikasu yokongola. Midadada imene inapulumuka ku Dennistoun, ku Partick ndi ku Shawlands lero anthu amailimbirana pamtengo wokwera. Ndipo pamene Gorbals inkamangidwanso kachitatu m'zaka za m'ma 1990 pa Crown Street, anabwerera ku midadada yosanja pang'ono yoyang'ana mumsewu, yokhala ndi kabwalo kuseri, mofanana ndi imene anagumula. Khonsolo yokhayo inavomereza ndi njerwa zimene sinavomereze ndi pakamwa.

Sizinali zachilendo kuti anthu a ku Govan adziwe zoyenera kuchita ndi nyumba zawo. Mu 1915, amuna ali kunkhondo ndipo eni nyumba akukweza lendi, amayi a m'midadada motsogozedwa ndi Mary Barbour anakana kulipira. Mmodzi ankakhala pakhomo kulondera, akaona wodzatulutsa anthu ankaliza belu, ndipo amayi onse ankatsika masitepe kudzamutsekereza. Chaka chisanathe boma la Britain linakhazikitsa lamulo loletsa kukweza lendi. Mphamvu imeneyo inachokera pa kukhalirana pafupi, kudziwana ndi kumvana phazi pamasitepe. Anthu otere akanafunsidwa mu 1957 akanayankha zanzeru. Sanafunsidwe.

Pali mbali ina ya kupukwaku imene sindingaiikire kumbuyo. Misewu yakale ija inalinso ndi malire a chipembedzo. Ku Bridgeton kunali magulu a zigawenga odana ndi Akatolika, kumalo ena antchito munthu ankafunsidwa sukulu imene anaphunzira pofuna kudziwa mpingo wake, ndipo Rangers inakhala zaka zambiri osalemba Mkatolika wodziwika mpaka Mo Johnston mu 1989. Sapota amene amati akusowa masiku akale pamene akutanthauza masiku amene ankaimba nyimbo zachidani popanda womuletsa, ameneyo sakulira dera lake, akulira ufulu wonyoza mnzake. Chimodzimodzinso amene amadutsa ku Govanhill, dera la midadada limene linapulumuka, n'kumadandaula kuti "lasintha" chifukwa mukukhala anthu ochokera ku Pakistan, a mtundu wa Aromani ochokera ku Slovakia ndi Romania, ndi anzathu a ku Africa. Midadada imeneyi ntchito yake kuyambira kale ndi kulandira obwera. Gorbals imene akuilira inali ya anthu a ku Ireland, Ayuda ochokera kummawa kwa Ulaya, Ataliyana ndi a ku Lithuania. Ana amene akumenya mpira kuseri kwa mdadada ku Govanhill lero ndiwo akukhala moyo umene nkhalambazo zimasimba, pamodzi ndi chinyezi chake ndi eni nyumba osasamala.

Matimu akuluakulu nawonso ali ndi mlandu. Amadziwa kuti kupukwa kumagulitsa malonda: majezi a kapangidwe kakale, zithunzi za ana osavala nsapato akusewera mumsewu, mawu okoma onena za "mizu yathu". Koma tikiti ya chaka chonse si ya munthu wolandira malipiro otsika, masewero amasunthidwa nthawi kuti akomere makampani a wailesi yakanema, ndipo mwana wa ku Parkhead kapena ku Ibrox sangadumphitsidwenso pageti. Kukonza mabwalo kunali koyenera. Anthu 66 anafa pamasitepe a Ibrox pa 2 January 1971, ndipo palibe wanzeru amene angafune kubwerera kumeneko. Koma chitetezo sichinalamule kuti oyandikana ndi bwalo akhale ongomva phokoso ali panja, n'kutsala ndi zinyalala ndi magalimoto otseka makomo awo. Masapota amene amasonkhanitsa zakudya pageti kuti zikathandize mabanja ovutika a m'deralo ali pafupi ndi cholinga cha Brother Walfrid kuposa sitolo ya timu.

Ndipo khalidwe losafunsa anthu silinathe ndi zaka za m'ma 1960. Pokonzekera masewero a Commonwealth a 2014, ku Dalmarnock, pafupi ndi Celtic Park, midadada yotsala inagwetsedwa kuti pamangidwe mudzi wa ochita masewero, ndipo mu 2011 apolisi ambirimbiri anabwera mbandakucha kudzatulutsa banja lina limene linkakana chipukuta misozi chimene linkachiona kuti n'chochepa. Kenako okonza mwambo wotsegulira analengeza kuti adzaphulitsa nyumba zisanu zitalizitali za ku Red Road, zomangidwa m'zaka za m'ma 1960 kuti zilandire anthu ochotsedwa m'midadada, ndipo kugwa kwake kudzaonetsedwa pa kanema wamkulu mu Celtic Park dziko lonse likuonerera. M'nyumbazo anthu anabadwiramo, anakwatiramo, ena anaferamo, ndipo imodzi yoyandikana nazo munali mukukhalabe anthu othawa kwawo odikira mapepala. Anthu oposa 17,000 anasaina kalata yokana, ndipo okonzawo anabweza ganizo lawo. Nthawi imeneyi anthu a ku Glasgow anayankhula zinthu zisanachitike, ndipo anamvedwa. Nyumbazo zinadzagwetsedwa mu October 2015, popanda mwambo wa zisangalalo.

Ndikufuna masapota amene amadziwa ululu wa kubalalitsidwa azipezekanso pa nkhani zotere: pamsonkhano wa khonsolo wokambirana za malo ozungulira bwalo, pamene alendi a ku Govan kapena ku Parkhead akukwezeredwa lendi, pamene laibulale kapena dziwe losambira la m'dera likufuna kutsekedwa. Ku Govanhill anthu anakhala m'nyumba ya dziwe lawo losambira kwa miyezi ingapo mu 2001 pokana kuti khonsolo iitseke, ndipo ngakhale anatulutsidwa ndi apolisi, sanaisiye mpaka inabwerera m'manja mwa anthu a m'deralo. Celtic Park imalowa anthu pafupifupi 60,000 ndipo Ibrox pafupifupi 50,000. Ochepa chabe mwa amenewa atati aime kumbuyo kwa anthu amene akukhala m'misewu imene iwo amangoidutsa tsiku la masewero, palibe khansala amene angasaine pepala logumula asanagogode pamakomo.